Kondowole Satafuna

Amayi anga ankamudziwa mlendo poyang'ana nsagwada zake. Munthu akafika kwathu ku Lupaso, kaya alankhule Chitonga chozama bwanji, kaya atchule agogo ake onse a ku Nkhata Bay mpaka malovu kuuma, iwo sankatsutsa. Ankangodikira nthawi ya chakudya. Akamuikira kondowole n'kumuona akugwedeza nsagwada, basi, mlandu unkathera pomwepo. Ankabwera kukhitchini atadzigwira pakamwa, n'kundinong'oneza kuti ndimuonjezere madzi akumwa mlendoyo asatifere m'nyumba.

Amene simunakule naye kondowole, ndikuuzeni. Ndi nsima ya ufa wa chinangwa, koma musamuyerekeze ndi ya chimanga. Ndi wonanda, womata, ndipo satafuna. Umatema kambamu kakang'ono, kukaumba m'manja, kukasusa mu msuzi mpaka katerere, n'kumeza. Ukati utafune amakukakamira m'mano, ndipo ukhoza kukhala naye mkamwa mpaka anzako onse atasamba m'manja. Ine sindikumbukira tsiku limene ndinaphunzira kumeza. Amayi ankati ndinayamba mano asanamere onse.

Ndinabadwira mu Mzuzu momwe muno. Makolo anga anakwera kuchokera kunyanja ine ndisanabadwe, bambo atapeza ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina m'tauni. Anamanga kanyumba ka njerwa ku Lupaso, ndipo amayi anakhalamo zaka zambiri kuposa zimene anakhala kumudzi, koma mukawafunsa kwawo sankatchula Lupaso. Ankati kuno tili kuntchito. Bambo anapuma ntchito, kenako anamwalira, tinakawaika kumudzi n'kubwerako, koma amayi anapitirizabe kunena kuti tili kuntchito. Ndinkawafunsa kuti ntchito yake iti, poti mwini ntchitoyo anagona kale. Ankangondiyang'ana n'kunena kuti pakamwa pangapa padzandipweteketsa.

Kuseri kwa nyumbayo kunali mgolo wabuluu. Amayi ankakana ufa wogula pamsika, ati sudziwa kuti chinangwa chake anaviika m'madzi otani. Ankagula chinangwa chowawa kwa amalonda ochokera kunyanja, kusenda, kuviika mumgolomo mpaka chifewe, kusinja, n'kuyanika pamkeka. Koma Mzuzu ndi dzuwa sagwirizana. Ukangoyanika, mitambo ija yafika, ndiye ubwana wanga wonse unatha ndikuthamangira kukaanula. Fungo la chinangwa choviika, amene mumalidziwa mukundimvetsa. Anansi ankadandaula, ena mpaka kutseka mawindo, amayi n'kumangowayankha kuti yewo chomene, kutanthauza kuti zikomo kwambiri, mgolo uli pomwepo. Kusukulu mtsikana wina ananena kuti yunifolomu yanga ikununkha ngalande, ndipo ndinamuonetsa chomwe chinameta nkhanga mpala. Aphunzitsi ataitanitsa amayi, iwo anapepesa ndi ulemu wonse, koma pobwerera anandigulira mandasi.

Za sukulu sankaseka nazo. Lamulo linali mabuku choyamba, mthiko pambuyo, koma mthikowo unali wosathawika. Kondowole savundulira pamoto ngati nsima ina. Madzi akawira umathira ufa, kuphula poto, kumuika pansi, kukhala pa kampando, kumupana ndi mapazi utakulunga chiguduli, ndiye nkhondo iyambike. Mthiko ukalowa umakana kubwerera. Thukuta limatsika mpaka m'makutu. Amayi ankaimirira pambali manja ali m'chiuno, n'kumandiuza kuti ndikusisita m'malo movundula, ndipo mwamuna amene adzanditenge adzaonda ngati mthiko womwewo.

Mwamunayo anapezeka ndithu, wa ku Ntcheu, amene anabwera ku Mzuzu kudzagwira ntchito ya zamagetsi. Tsiku loyamba kudya kwathu anatafuna. Anatafuna mwakhama, mwaulemu, maso ali pansi, misempha ya m'mutu itaima, amayi akumusuzumira pakhomo. Atachoka amayi anandiuza kuti ndawabweretsera ng'ombe yobzikula. Koma mkamwini wawoyo anamukonda, mwina kuposa ine amene. Kuyambira pamenepo ankamuphikira mgaiwa wakewake m'kapoto kapadera, ati asavutike mwana wa eni. Iye, pofuna kusunga ulemu, ankatemako kondowole pang'ono nthawi zonse, ndipo mpaka lero amatafuna. Ana athu awiri, amene tsopano ali kusukulu zogonera konko, anatengera ine pakumeza, ndipo agogo awo ankanyadira zimenezi ngati anawo akhoza mayeso.

Sitiroko inawapeza amayi pamgolo pomwepo, m'mawa, akuvuula chinangwa. Mnansi ndiye anandiimbira foni ndili m'kalasi, poti ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale. Pamene ndinkafika kuchipatala, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka molemera ngati ali ndi thonje mkamwa. Zimenezo ndinaziona ndi maso n'kuzilandira. Chimene sindinkadziwa n'chakuti sitiroko imagwiranso pakhosi. Ndinawamwetsa madzi ndi kapu, ndipo anatsokomola mpaka nkhope kuda, maso atatuzuka. Anesi anathamanga n'kundilanda kapuyo.

Dokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anandikhazika pansi n'kufotokoza modekha. Anati njira yomezera yafooka, chakudya chikhoza kusochera n'kulowa kumapapo, kapena kuima pakhosi. Azidya phala losalala, pang'onopang'ono, atakhala tsonga. Anafunsa chimene amadya masiku onse, ndipo nditamuuza anapukusa mutu. Anati chimenecho ndiye ayi, chikamata pakhosi sichichoka msanga, tikhoza kuwataya tikuwayang'ana. Amayi anali pabedi pomwepo, maso ali kudenga.

Ndinawatengera kwathu ku Luwinga, kunyumba ya lendi imene timakhala moyandikana ndi ana a kuyunivesite. Ndipo ndinaika lamulo. Ine ndikaika lamulo ndimaika ndithu, mukafunse ana a m'kalasi mwanga. M'nyumba muno kondowole asaphikidwe, asatchulidwe, ufa wake usalowe. Ndinkati n'kulakwa kuti ife tizidya iwo akungomva fungo. Tonse tinasamukira ku mgaiwa, ndipo amene ananenepa ndi amuna anga okha. Mgolo unatsala ku Lupaso utavundikira.

Masabata oyamba amayi ankalandira phala. Ndinkathiramo nsinjiro, mkaka, nthawi zina dzira. Kenako anayamba kuchepetsa, masipuni angapo n'kutembenuza nkhope. Ndikaweruka ndinkakwera minibasi kupita kumsika waukulu kukasaka choti chiwatsegule pakamwa, nthochi zakupsa, mapeyala, mbatata yoti ndipote, mpaka azimayi ogulitsa anandizolowera n'kumandifunsa kuti amama ali uli. Zonsezo ankangozilawa. Pamapeto pake anayamba kutseka milomo sipuni ikamabwera. Ndinkanyengerera, ndinkapemphera, ndinkakalipa, poti mtima wanga ndi wapachala ndipo ndikachita mantha ndiye ndimakalipa kwambiri. Ndinkawauza kuti iwo si mwana. Ankangonena liwu limodzi, lolemera koma lomveka bwino, dzina la chakudya chawo. Ndinkayankha kuti dokotala anakana. Ankatembenukira kukhoma.

Anaonda, abale inu. Mayi amene ankasenza thumba la chinangwa kuchoka pamsewu mpaka kunyumba, ndinkawanyamula ndekha kupita nawo kubafa. Mphete ya ukwati inayamba kuvuka yokha, mpaka tinaikulunga ulusi. Azimayi a kumpingo ankabwera kudzaimba, ndipo potuluka ankandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinkamva chimene ankatanthauza. Ndiwapatse kondowole atsamwe, kapena ndiwamane afe ndi njala m'nyumba yodzaza chakudya. Njira yachitatu sindinkaiona.

Kwathu kunyanja munthu sapita kukazonda wodwala chimanjamanja. Amanyamula ufa wa m'nyumba mwake ndi ndiwo, n'kukaphika yekha. Choncho Loweruka lina masana mng'ono wawo wa amayi, amene ine ndimawatcha amayi aang'ono, anatsika pa njinga yamoto ya kabaza, dengu la ufa lili pamiyendo, batala wowamba atakulunga m'nyuzipepala. Batala ndi nsomba yamafuta imene amayi ankaikonda kuposa nyama. Ndisanawalonjere n'komwe, ndinawauza kuti dengulo litsale panja.

Tinakangana pakhonde. Ana a kuyunivesite anasiya kuchapa n'kumationerera. Ndinawafotokozera za dokotala, za mapapo, za pakhosi, iwo akungogwedeza mutu ngati ndikuwauza mtengo wa sopo. Anati mkulu wawo anamera mano ndi kondowole ndipo sanatsamwepo. Ndinati nthawi imeneyo anali asanadwale sitiroko. Anati madokotala a m'tauni sadziwa mimba ya Mtonga. Ndinati mimba si imene yadwala. Ndinanena zambiri, zina zosayenera kumuuza munthu wamkulu, mpaka ndinati amayi akatsamwa mtembo udzakhala m'manja mwanga, iwo ali phee kumudzi. Pamenepo anatula dengu pansi.

"Iwe ukuopa kuti chakudya chiwapha," anatero. "Nanga njalayo unaiuza kuti idikire?"

Ndinanyamula dengu lija, kukaliika pamwamba pa kabati, n'kumenyetsa chitseko.

Koma ufa wa kondowole subisika. Pofika madzulo kafungo kowawasa kaja kanali katafika paliponse, ndipo nditalowa kuchipinda ndi phala ndinapeza amayi atadzutsa mutu, mphuno zikugwira ntchito. Miyezi yonseyo ndinali ndisanawaonepo maso akuwala chonchija. Anayang'ana mbale imene ndinanyamula, anaona phala, ndipo kuwalako kunazima ine ndikuona. Zinandipweteka kwambiri.

Amuna anga salankhula kawirikawiri, ine ndimawalankhulira. Koma tsiku limenelo anandipeza ndikutaya phala losadyedwa, n'kundifunsa ngati ndinawafunsapo amayi maganizo awo. Ndinati wodwala samufunsa, wodwala aliyense amafuna zomupweteka. Anati pamene dokotala ankalankhula amayi anali pomwepo ndipo anamva zonse, chinafa ndi dzanja ndi mwendo, mutu uli bwinobwino. Ndinawauza kuti azikalangiza mawaya awo. Koma mawuwo anandikhala.

M'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo sindinapite kutchalitchi. Ndinagwada pambali pa bedi la amayi n'kuwauza m'Chitonga, mosabisa kanthu, kuti kondowole akhoza kuima pakhosi pawo, ndipo akaima ine sindingathe kuwapulumutsa. Ndinawauza kuti ndikuopa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasuntha milomo movutikira.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Phika."

Madzi ndinawiritsira panja pa mbaula, koma povundula ndinabwera ndi poto pakhomo pa chipinda chawo kuti aziona. Amayi aang'ono anaphika batala osandilankhula. Amuna anga, mosauzidwa ndi munthu, anapita kukapempha mnansi wa galimoto kuti asachoke. Ndinapana poto ndi mapazi, ndipo mthiko utayamba kugunda ndinamva kugunda kwina pambali. Anali amayi, akumenya matiresi ndi dzanja lamanzere. Ndinaima poganiza kuti china chavuta. Ayi ndithu, ankandiuza kuti ndikusisita. Ndinaseka misozi ikutsika, n'kulimbikira mpaka msana kuwawa.

Tinawakhazika tsonga, mapilo kumbuyo, n'kuwasambitsa dzanja lamanzere. Moyo wawo wonse anali asanadyerepo dzanja limenelo, ndipo ankatikalipira tikalandirira nalo chinthu. Anavutika kutema. Kondowole ankananda, zala zikuterereka. Amayi aang'ono anatambasula dzanja kuti athandize koma anakankhidwa ndi chigongono. Pamapeto pake kambamu kanaduka. Anakaumba pang'onopang'ono, anakasusa mu msuzi, kukatembenuza mbali zonse monga ankachitira kale, n'kukweza dzanja.

Ine ndinali nditagwada pambali pawo, dzanja langa lili kale pamsana pawo. Sindinkapuma. Anafikitsa kambamuko pamphuno n'kununkhiza, atatsinzina. Anakagunditsa pamilomo, ananyambita msuzi, ndipo kadontho kameneko kokha kanawatsokomoletsa mpaka thupi lonse kugwedezeka. Chifuwa chitaleka anayang'ana kambamu kaja kali m'manja. Misozi inatsika. Palibe amene anawaletsa ndipo palibe amene anawalimbikitsa. Ndinawaona akuyesa kumeza malovu, kawiri konse, movutikira, ndipo anadziwa okha.

Kenako anatembenukira kwa ine n'kutambasula dzanja lija mpaka pakamwa panga. Ndinayasamula ngati khanda, mayi wa ana akuluakulu ine.

"Usatafune," anatero.

Ndinameza. Maso awo anali pakhosi panga, kutsatira mbamuyo mpaka itatsika, ndipo pakhosi pawonso panagwedezeka. Anatemanso ina. Anandidyetsa choncho mpaka mtanda wonse unatha, ine ndikulira, iwo akususa, msuzi ukuyenderera pamkono mpaka pachigongono. Amayi aang'ono anatuluka kukalirira kuseri kwa nyumba. Mbale itayera, amayi analoza phala limene linali patebulo, n'kulozanso msuzi wotsala. Tinasakaniza, ndipo anadya masipuni angapo popanda wowanyengerera.

Lamulo langa linathera pomwepo. Amayi aang'ono pobwerera kumudzi ndinawaperekeza mpaka kudepoti, dengu lopanda kanthu nditanyamula ine, ndipo za pakhonde zija palibe anazitchula. Tinakatenga mgolo ku Lupaso, ana a kuyunivesite anayamba kutseka mawindo, ndipo sindinapepese kwa aliyense. Pafupifupi tsiku lililonse ndikaweruka ndinkavundulira pakhomo pawo paja, iwo n'kundidyetsa, kenako n'kulandira phala lawo la msuzi. Ndisaname kuti anachira. Ankadya pang'ono, ndipo thupi silinabwerere. Koma sanatembenukirenso kukhoma, ndipo tsiku lina anakwanitsa kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa ataona mkamwini wawo akutafuna.

Anatisiya m'nyengo yozizira, kunja kuli mvumbi, sitiroko yachiwiri itawapeza m'mawa. Sanatsamwe. Kondowole sanamumezenso chigwere pamgolo paja, ndipo ichi chimandiwawa mpaka lero, ngakhale ndikudziwa kuti anasankha okha.

Tinatsika nawo kumudzi kukawaika pafupi ndi bambo. Ntchito ija tsopano inali itatha. Ine kumudziko ndinkangopitako patchuthi ndili mwana, ndiponso pakagwa maliro, kotero ambiri sankandidziwa nkhope. Titachoka kumanda azimayi anatibweretsera chakudya m'nyumba ya siwa, kondowole ndi usipa, mbale imodzi anthu angapo. Amayi aang'ono anandiuza kuti ndidye ndingagwe. Ndinasamba m'manja, ndinatema, ndinaumba, ndinasusa, n'kuika mkamwa. Pakhosi panakana. Ndinayesanso, panali potseka ngati pamangidwa ndi chingwe. Miyezi yonse ija ndinkameza pali maso ondiyang'ana pakhosi, ndipo tsopano panalibe. Kulavula pagulu sindikanatha. Ndiye ndinayamba kutafuna.

Gogo wina amene tinkadya naye mbale imodzi anandiyang'ana nsagwada, n'kuweramira kwa amayi aang'ono. Anafunsa mwachifundo, osati monyoza, kuti mlendoyu ndi wa kuti, ndipo anati ngati kuli ufa wa chimanga amuphikire nsima yake asavutike.

Amayi aang'ono anathira madzi m'kapu n'kuika pafupi ndi bondo langa.

"Si mlendo," anatero. "Ndi mwana wa malemu. Musiyeni atafune."

Ndinatafuna mpaka anzanga onse atasamba m'manja.